JOHN KIRK, DOTOLO WOKONDA MITENGO

Mvula ikayandikira, ana a ku Mkaika ndi a m'midzi yozungulira amalawirira kuthengo kukatola masuku. Ambiri a iwo sadziwa kuti m'mabuku a anthu ophunzira za mitengo, msuku uli ndi dzina lina la Cilatini, ndilo Uapaca kirkiana. Mau aciwiriwo acokera ku dzina la John Kirk, dotolo amene anayenda m'dziko louma la ku Tete zaka zoposa 160 zapitazo.

John Kirk anabadwa pa 19 December 1832 pa mudzi wa Barry m'dziko la Scotland. Atate wace anali mbusa wa mpingo. Atakula anapita ku sukulu yaikuru ya Edinburgh kukaphunzira udotolo, natsiriza m'caka ca 1854. Masiku amenewo mankhwala ambiri anali ocokera ku mitengo ndi zitsamba, motero wophunzira udotolo anayenera kudziwanso zomera. Kirk anazikonda koposa. Ngakhale pamene anapita kukaciza asilikari pa nkhondo ya ku Crimea, sanaleke kutola maluwa ndi masamba pa nthawi yace yopuma.

M'caka ca 1858 Boma la Mangalande linatuma David Livingstone kukaona ngati ngalawa zingathe kukwera mtsinje wa Zambezi kufikira pakati pa Afrika. Livingstone anasankha Kirk, mnyamata wa zaka 25, kuti akhale dotolo wa ulendowo, ndiponso kuti afufuze zomera zonse za m'njira, makamaka zimene zingathandize anthu, monga thonje, mitengo ya matabwa ndi ya luzi. Anafika ku Tete m'mwezi wa September, ndi ngalawa ya moto yochedwa Ma Robert.

Dziko la Tete lisiyana ndi la Katete, cinkana madzi a mtsinje wa Kapoche atsikira komweko. Kumeneko nkucigwa, mvula imagwa yocepa, ndipo dzuwa la October ndi November liwamba nthaka mpaka udzu wonse upserera. Mlendo akayang'ana angayese kuti mitengo yonse inafa. Koma siinafe ai, iri ndi njira zace zopirira cilala. Mlambe uyoyola masamba, nusunga madzi m'thunthu lace lalikuru lija. Tsanya, amene ena amucha mupani, apinda masamba ace dzuwa likakula kuti asataye madzi, ndico cifukwa cace mthunzi wace uli wosapumitsa munthu. Mvula yoyamba ikangogwa, thengo lonse libiriwira m'masiku owerengeka.

Nchito ya Kirk inali yofuna kufatsa. Akapeza mtengo wacilendo anathyola kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso, nakapanikiza pakati pa mapepala kuti kaume. Analemba malo ndi tsiku limene anakapeza, najambula cithunzi cace. Anafunsanso eni dziko dzina lace ndi nchito yace, pakuti iwo ndiwo anadziwa kuti mtengo wakuti ubala zipatso zodyedwa, wakuti uciza m'mimba, ndipo bwazi apatsa luzi lolimba lolukira maukonde. Pambuyo pace anatsekera zonse m'mabokosi, kuziteteza ku ciswe ndi cinyezi, nazitumiza ku munda waukuru wa zomera wa Kew, ku London.

Kumapeto kwa November 1858 Livingstone ndi Kirk ananyamuka pansi kukaona mathithi a Kebrabasa, kumtunda kwa Tete. Pamenepo Zambezi adzipanikiza pakati pa mapiri a miyala yakuda. Miyalayo inatentha kotero kuti munthu sanathe kuigwira ndi dzanja kanthawi, ndipo Amakololo amene anawaperekeza anaturuka matuza ku mapazi. Anakwawa cotero masiku angapo, kutsika ndi kukwera, kufikira anaona mathithi akuru a Morumbwa. Apo anazindikira kuti ngalawa yao siingapyole. Tsono anatembenukira ku mtsinje wa Shire, ndipo m'caka ca 1859 anafika ku nyanja ya Chilwa mu April ndi ku nyanja ya Malawi mu September.

Kucigwa ca Shire, Kirk anaona alenje a Cimang'anja akupaka kombe ku mibvi yao. Nyama yolasidwa ndi mubvi wotere siipita kutali. Kirk anasunga kombe pang'ono m'thumba momwe munali mswaci wace. M'mawa mwina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo posacedwa anaona kuti mtima wace uli kugunda pang'onopang'ono. Wina akadangolabvula ndi kuiwala, koma iye pokhala dotolo anaganiza kuti ululu umene uimitsa mtima wa nyama ungathandize mtima wodwala, ukapatsidwa pa muyeso wocepa. Patapita zaka, dotolo wina wa ku Edinburgh, Thomas Fraser, anayesayesa mbeu za kombe, napezamo mankhwala a nthenda ya mtima. Nzeru imeneyi inayambira kwa alenje aja, angakhale maina ao sanalembedwe m'buku liri lonse.

Tsoka lalikuru linamgwera m'caka ca 1860. Aulendowo anaperekeza Amakololo kwao, naona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo pobwerera anatsika Zambezi pa mabwato. M'mwezi wa November analowa m'madzi oopsa a Kebrabasa. Bwato la Kirk linagunda mwala nkugubuduka. Iye anapulumuka pogwira thanthwe, koma mabuku ace, zithunzi za maluwa ndi zipatso, ndi zipangizo zace za udotolo zinapita ndi madzi. Nchito ya miyezi yambiri, imene anaigwira ndi malungo ndi ludzu, inatha m'kamphindi. Kirk sanataye mtima. Anatenga mapepala ena, nayambanso kutola ndi kulemba, nakhalabe pa ulendowo kufikira 1863, pamene nthenda ya kamwazi inamfoketsa ndipo anabwerera kwao.

Pa maulendo awa Kirk anaona cinthu cina cimene sanaciiwale moyo wace wonse. M'caka ca 1861, m'mapiri a Shire, anakomana ndi mzere wa akapolo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana omangidwa zingwe, ndipo anathandiza kuwamasula. Mu 1866 anapita ku cisumbu ca Zanzibar, kumene kunali msika waukuru wa akapolo, ndipo ambiri a iwo anali ocokera ku maiko a ku Nyanja. Poyamba anali dotolo, bwino lace nakhala woimira Boma la Mangalande. Pa 5 June 1873 anakakamiza Sultan Barghash kulemba pangano loletsa kutumiza akapolo pa nyanja, ndipo msika uja unatsekedwa. Pa malo pace panamangidwa nyumba ya Mulungu. Caka cotsatira Kirk anali mmodzi wa onyamula maliro a Livingstone ku Westminster Abbey.

Anakhala ku Zanzibar zaka ngati 20, natumizabe zomera ku Kew. Anamwalira pa 15 January 1922 ku Sevenoaks, ali ndi zaka 89.

Mathithi a Kebrabasa anamira pamene anamanga damu la Cahora Bassa, limene linatsirizika mu 1974. Koma masamba ouma amene Kirk anatumiza asungidwabe ku Kew, ndipo ophunzira amawayerekeza ndi zomera zimene apeza lero. Mapiri a Kirk Range, pa malire a Malawi ndi Mozambique, achedwa ndi dzina lace, monganso msuku uja wa kuthengo kwa Mkaika.

MAFUNSO
1. Kodi mlambe ndi tsanya zipirira bwanji cilala?
2. Cifukwa ninji Kirk anafunsa eni dziko za mitengo?
3. Fotokozani zimene zinacitika pa Kebrabasa mu 1860.
4. Funsani akuru a pamudzi maina a mitengo isanu ya kwanu ndi nchito zace, nimuzilembe.