Alfred Nobel, munthu amene anaweta zophulitsira miyala

Ambirife dzina la Nobel timalidziwira pa mphoto ya mtendere ija imene Nelson Mandela analandira mu 1993. Komatu chuma cha mphotoyi chinachokera ku zophulitsira miyala, ndipo ine mbiri ya mkuluyu ndimaiona ngati phunziro kwa achinyamata amene maso athu ali ku ntchito za m'migodi.

Alfred Nobel anabadwira ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 1833. Banja lake linkapanga nitroglycerin, mankhwala amadzimadzi amphamvu zedi koma osachedwa kupsa mtima: kungowagwedeza molakwika, basi aphulika. Mu 1864 fakitale yawo inaphulika n'kupha anthu, mmodzi mwa iwo mng'ono wake Emil.

Nobel sanagwe ulesi. Anasakaniza mankhwalawo ndi dothi lofewa lomwa madzi lotchedwa kieselguhr, ndipo mu 1867 analembetsa dynamite ngati luso lake. Anapanganso kachoyatsira kapadera, kuti mphamvu yonseyo izidikira mpaka mwini ntchito atalamula.

Masiku ano migodi yambiri imagwiritsa ntchito emulsion, phala la timadontho ta ammonium nitrate tomwazika m'mafuta. Vuto lake n'losiyana ndi la Nobel: phalali ndi lofatsa kwambiri moti palokha limavuta kuphulika. N'chifukwa chake akatswiri amathiramo tithovu ta mpweya kapena timikanda tagalasi topanda kanthu m'kati. Choyatsira chikagunda, tithovuto timapanikizika mwadzidzidzi n'kutentha kwambiri, moto n'kufalikira phala lonse. Tikachepa, kapena tikaphwanyika nthawi isanakwane, dzenje limakana kuphulika, n'kusanduka msampha kwa amene adzabwere kudzakumba pambuyo pake.

Kuno ku Zomba nkhani ya miyala si yachilendo. Akuluakulu amakumbukira Changalume, komwe kale ankakumba miyala yopangira simenti. Anzanga a ku Mtiya amene mudzapeze ganyu kumalo otere, dzenje lokana kuphulika musaliyandikire, musaligogode. Itanani amene anaphunzira ntchitoyo.

Nobel anamwalira mu 1896 ku Sanremo, m'dziko la Italy, wosakwatira komanso wopanda mwana. Chuma chake chochuluka anachisiyira mphoto zimene zinayamba kuperekedwa mu 1901. Koma wogwira ntchito m'mgodi akabwerera kunyumba madzulo ali wamoyo, nayenso walandirako cholowa cha Nobel.