Joseph Lister, dokotala amene analimbana ndi tuzilombo m'cipatala

Ambiri a ife tinayendera odwala khansa m'cipatala ndipo tinauzidwa kusamba m'manja tisanawagwire. Mwambo umenewu uli ndi mbiri yake.

A Joseph Lister anabadwa m'caka ca 1827 ku England, m'banja la mpingo wa Quaker. Pomwe anali dokotala wa opaleshoni ku Glasgow, odwala ambiri anali kumwalira osati ndi matenda amene anabwera nawo, koma cifukwa bala linaola ndipo tuzilombo tinalowa m'magazi. Madokotala ambiri anali kunena kuti ni mpweya woipa.

Atawerenga za kafukufuku wa Louis Pasteur, a Lister anayamba mu 1865 kutsuka mabala, zitsulo ndi manja ndi mankhwala ochedwa carbolic acid. Anzawo ena anawaseka.

Ciyeso cacikulu cinabwera mu 1867. Mlongo wawo Isabella anali ndi khansa ya bere, ndipo madokotala ena anakana kumucita opaleshoni poopa kuti adzafa. A Lister anavomera, nacita opaleshoniyo m'nyumba mwawo momwe, pathebulo lodyerapo. Ife tiganiza kuti apa ndi pamene cikhulupiriro cawo m'njira yatsopanoyi cinayesedwa koposa, pakuti amene anagona pathebulopo anali mwana wa mai awo. Bala linapola osaola. Isabella anakhala zaka zina zitatu, mpaka khansa itafika ku ciwindi.

A Lister anamwalira pa 10 February 1912.