STEWART GORE-BROWNE: CIPEMBELE WA KU SHIWA NG'ANDU

Amene anafikako ku Shiwa Ng'andu, pakati pa Mpika ndi Chinsali, amakumbukila msewu wafumbi wokhala ndi mitengo italiitali ya bulugamu uku ndi uku, umene umatsogolela ku nyumba yaikulu ya njelwa zofiila. Msewuwo ndi nyumbayo zinadziwika kunja kwa Zambia mu 1999, pamene Christina Lamb anatulutsa buku lochedwa The Africa House. Koma ife tifuna kukamba za mwini wake wa malowo, cifukwa nkhani yake imatikhudza ngakhale ife a ku Matero, Kanyama ndi Chawama.

A Stewart Gore-Browne anabadwila ku England mu 1883. Anali msilikali, ndipo anabwela kuno mu 1911 m'gulu loika malile pakati pa Northern Rhodesia ndi Congo. Mu 1914 anaona nyanja ya Shiwa Ng'andu, imene David Livingstone anadutsapo mu 1867, nagula malo pamenepo. Nkhondo itawachedwetsa, anabwelela mu 1920 n'kuyamba kumanga.

Tisamaiwale amene anagwila nchitoyo. Njelwa zinaumbidwa pomwepo, matabwa anacekedwa pomwepo, ndipo maenje a mitengo ya mumsewu anakumbidwa ndi Abemba a m'midzi yozungulila. Bwanayo anali waukali wosati masewela. Anali kumenya anchito, ndiye cifukwa cake anamupatsa dzina lakuti Cipembele. Wolemba mbili yake akabisa zimenezi, ndiye kuti walemba za munthu wina.

Alimi anzathu aidziwa bwino mbali iyi ya nkhani. Dothi la ku Shiwa ndi lowawasa, ndipo msika unali kutali kwambili. Anayesa kulima maluwa a rozi ndi zomela zina zofinya mafuta onunkhilitsa, koma zinakana. Mitengo ya mandimu ndi malalanje ndiyo inavomela, ndipo mafuta ake anabweletsa ndalama, makamaka m'zaka za Nkhondo Yaciwili. Ndiye mu 1958 matenda anagwela mitengoyo n'kuipha. Bulugamu wa mumsewu, amene sanali kudyetsa munthu, ndiye anatsala ciimilile.

Cimene citidabwitsa n'cakuti munthu waukali yemweyo ndiye anamanga sukulu ndi cipatala pa malo ake, ndipo atalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1935, caka cimene Lusaka inakhala likulu, anayamba kusiyana ndi azungu anzake. Kuyambila mu 1938 mpaka 1951 anali woimilila anthu akuda. Masiku amenewo makolo athu anali kugulila nyama pa kawindo ka m'mbali mwa sitolo mu Cairo Road, ndipo okhala m'makomboni analibe mau pa za mzinda umene anali kumanga ndi manja ao. A Gore-Browne anathandiza a Harry Nkumbula kupita kukaphunzila ku Makerere. Pambuyo pake anagwilizana ndi a Kenneth Kaunda, nalowa UNIP, ndipo mu 1962 anaima pa masankho m'dzina la cipanico. Analuza, cifukwa azungu anakana kuwavotela.

Ena amati anali kufuna cabe kukhala mfumu ya anthu akuda monga analili ku Shiwa. Mwina poyamba zinali telo. Koma ife tiona kuti munthu wa zaka pafupifupi 80 wofuna ufumu sakanavomela kuima pambuyo pa mwana wa ku Lubwa amene anali wamng'ono kwa iye ndi zaka 41.

Anamwalila ku Kasama mu August 1967. Boma linawacitila malilo aulemu, a Kaunda analankhula pa malilopo, ndipo anaikidwa pa phili loyang'ana nyanja ya Shiwa Ng'andu.