Mathias Mainza Chona, Loya Amene Anasunga Mpando wa Mnzake

Kumwera kwa mtsinje wa Kafue, m'dziko la Zambia, kumakhala Atonga, anthu oweta ng'ombe ndi olima chimanga. Kumeneko, pa mudzi wa Nampeyo pafupi ndi Monze, kunabadwa mwana wamwamuna pa 21 Januwale 1930, amene pambuyo pake anatchuka ndi dzina lakuti Mathias Mainza Chona. Mbiri yake iyenera kumveka ngakhale ku Neno, pakuti dziko lake ndi dziko la Nyasaland anali m'goli limodzi la Chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963, ndiponso chifukwa moyo wake uonetsa poyera ubwino wa kukhulupirika pamodzi ndi msampha umene ubisala m'kati mwake.

Atate ake anali Mfumu Chona, mwini mitala monga mwa mwambo wa makolo. Mfumuyo ndiyo inapempha Abambo a chipani cha Yesu, Ajezuiti, kuti amange sukulu m'dziko lake, ndipo mnyamatayo anayamba kuphunzira pa sukulu yomweyo. Atatha pamenepo anapita ku Mishoni ya Chikuni, imene Bambo Joseph Moreau anaikhazika mu 1905, m'zaka zomwe Abambo a Montfort anali kutsegula mishoni zao zoyamba ku Nzama, ku Nguludi ndi ku Neno. Ku Chikuni ndiko analowa mu Eklezia Katolika, ndipo sanatulukemonso kufikira imfa yake.

Atatsiriza maphunziro pa sukulu ya Munali ku Lusaka mu 1951, a Chona analembedwa ntchito yomasulira mau pa Bwalo Lalikulu la Milandu ku Livingstone. Womasulira amaima pakati pa woweruza amene sadziwa chinenero cha anthu ndi munthu wa kumudzi amene sadziwa malamulo a boma, ndipo akapotoza liu limodzi lokha, wosalakwa angathe kulowa m'ndende. Pa bwalo limenelo ndipo pamene anakhumbira kudziwa malamulo iwo eni. Mu Meyi 1953 anakwatira, ndipo iwo amene anabadwira m'nyumba ya mitala anakhala ndi mkazi mmodzi. Mulungu anawadalitsa ndi ana 7, aamuna 2 ndi aakazi 5. Analembanso buku la nthano m'Chitonga, dzina lake Kabuca Uleta Tunji.

Mu 1955 anapeza mwai wokaphunzira malamulo ku London, pa Gray's Inn, ndipo mu 1958 anavomerezedwa kukhala loya. Koma atabwera kwao sanapeze malo pakati pa maloya, amene masiku amenewo anali Azungu. Tsono munthu wophunzira chotero anatsegula kaofesi kolembera anthu makalata, kuti ana ake asagone ndi njala.

Chaka cha 1959 chinali cha mavuto m'maiko onse a Chitaganya. Pa 3 Malichi boma linagwira Dr. Banda ndi kuwatumiza ku ndende ya Gwelo, ndipo mwezi womwewo chipani cha a Kenneth Kaunda ku Northern Rhodesia chinaletsedwa, iwonso nagwidwa. Anthu atatsala opanda wowatsogolera, mu Okutobala a Chona ndi anzao anakhazika chipani chatsopano cha UNIP, ndipo iwo anasankhidwa kukhala mtsogoleri wake woyamba. Anali ndi zaka 29 zokha, anali mwana wa mfumu, anali ndi maphunziro apamwamba, ndipo mpando unali m'manja mwao. Komabe pamene a Kaunda anatuluka m'ndende mu Januwale 1960, a Chona anaupereka mpandowo osakangana, pakuti anadziyesa wousunga chabe, osati mwini wake.

Ku Nyasaland kunachitika zofanana ndithu. A Orton Chirwa, amenenso anakhala loya ku London mu 1958, anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu Seputembala 1959, ndipo anapereka utsogoleri kwa Dr. Banda atamasulidwa mu Epulo 1960. Maloya awiriwo anachita chinthu chimodzi, koma mphotho yao inasiyana. A Chirwa anathawa m'dziko mu 1964, anagwidwa mu 1981, ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. A Chona anakwera mipando yonse kupatula umodzi uja anaubweza: anakhala mlembi wamkulu wa chipani, Nduna ya Chilungamo ndi ya za m'Dziko mu 1964, Wachiwiri kwa Pulezidenti mu 1970, ndiponso Nduna Yaikulu kawiri, kuyambira 1973 mpaka 1975 ndi kuyambira 1977 mpaka 1978.

Koma mbiri ya Mkristu siyenera kubisa malo pamene msewu wake unaterera. Mu Febuluwale 1972 boma la a Kaunda linaletsa chipani cha a Simon Kapwepwe ndi kuwatsekera, ndipo linalengeza kuti dziko la Zambia lidzakhala ndi chipani chimodzi chokha, monga Malawi anachitira mu 1966. A Chona ndiwo anapatsidwa ntchito yotsogolera bungwe loyenda m'dziko lonse kukamva maganizo a anthu. Bungwelo silinaloledwe kufunsa ngati anthu afuna chipani chimodzi kapena ai, koma kungofunsa m'mene chipani chimodzicho chidzalamulire. A Harry Nkumbula, mkulu wa kwao komwe ku chigawo cha kumwera, anakana kukhalamo ndipo anakasuma ku bwalo la milandu, koma mlandu sunawakomere.

Ziyenera kunenedwa kuti a Chona ndi anzao anayesa kumangira mphamvuyo mpanda. M'kalata yao ya Okutobala 1972 analangiza kuti Pulezidenti asapitirire maulendo awiri a zaka 5 pa mpando, ndi kuti pa chisankho chake anthu azisankha pakati pa anthu angapo. Boma linalandira chipani chimodzi, koma mpandawo linaukana. Pamenepa ndipo panali mayeso aakulu a moyo wao, pakuti anadziwa monga loya kuti mphamvu yopanda malire imaononga mwini wake ndi anthu omwe. Iwo anasankha kukhalabe pambali pa mnzao, nalandira udindo wa Nduna Yaikulu pansi pa malamulo atsopanowo mu Ogasiti 1973. Dziko linakhala chotero mpaka 1991. Mau ochenjeza anadzachokera kwa Aepiskopi, a ku Zambia m'kalata yao ya 1990, ndi a ku Malawi m'kalata ya nyengo ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992.

Atakhala kazembe wa dziko lao ku China kuyambira 1984 ndi ku France kuyambira 1989, a Chona anabwerera ku Lusaka mu 1992 nayambanso ntchito ya uloya. Nthawi imeneyo zinthu zinali zitatembenuka. A Kaunda anali atagonja kwa a Frederick Chiluba pa chisankho cha pa 31 Okutobala 1991, ndipo ambiri amene anadya nao m'mbale imodzi anali atawathawa. Mu Okutobala 1997 asilikali ena anayesa kulanda boma nalephera, ndipo pa tsiku la Khrisimasi chaka chomwecho a Kaunda anagwidwa powaganizira kuti anadziwako za chiwembucho. Pakati pa maloya amene anaimirira kuwateteza panali a Chona, nkhalamba ya zaka 67, imene inalibenso mpando woyembekeza kapena mphotho yolandira. Pa 1 Juni 1998 boma linausiya mlanduwo, a Kaunda namasulidwa. Apa panaoneka kuti kukhulupirika kwao sikunali kwa mimba, popeza anaima ndi mnzao ali pa ulemerero, naimanso naye ali m'manja mwa apolisi.

A Chona anamwalira pa 11 Disembala 2001 m'chipatala cha Milpark ku Johannesburg, ali ndi zaka 71, ndipo maliro ao anakaikidwa kwao ku Monze.

Ku Neno, kuyambira ku mapiri a kwa Dambe kufikira ku chigwa cha Lisungwi, alipo ambiri osunga za eni ake. Mphunzitsi wa katekisimu amatsogolera mapemphero pa Lamulungu pamene wansembe sanafike. Msungichuma amasunga mtulo wa Akristu. Mwinimbumba amasunga munda wa ana amasiye kufikira atakula. Onsewa aphunzire kwa a Chona a mu 1960 kubweza chosungitsidwa pa nthawi yake, ndi nkhope yosakwinya, pakuti milandu yambiri ya m'midzi ndi ya m'mipingo imabadwa pamene wosunga wayamba kudziyesa mwini. Aphunzirenso kwa a Chona a mu 1997 kusataya bwenzi limene lagwa. Koma chaka cha 1972 chiwakumbutse kuti kumvera mkulu kuli ndi malire ake, ndiwo malamulo a Mulungu ndi ubwino wa anthu onse, ndi kuti bwenzi lenileni la mfumu ndi uja alimba mtima kuiletsa pamene ifuna kugumula mpanda.

Kuweruza mitima nkwa Mulungu yekha, amene adziwa zimene mtumiki wake Mathias anasenza m'zaka zovutazo. Akristu amkumbukire m'mapemphero ao, pamodzi ndi onse amene agwira ntchito m'mabwalo a milandu ndi m'nyumba za malamulo. Mzimu wake uuse mu mtendere.