Moyo wa Alembi Otchuka: John Steinbeck

John Steinbeck anabadwa pa 27 February 1902 m'tauni ya Salinas, m'chigawo cha California ku America. Amayi ake anali mphunzitsi, ndipo ndiwo anamuzoloweza kuwerenga. Ali mnyamata, ankagwira ganyu m'minda ya kampani ya shuga ya Spreckels pamodzi ndi amuna oyendayenda, opanda banja ngakhale pokhala. Analowa yunivesite ya Stanford mu 1919, koma anachokako mu 1925 wopanda digiri. Atayesa mwayi ku New York ngati mtolankhani, zinamukanika, nabwerera kwawo.

Chimene anaphunzira kwa aganyu aja n'chakuti mathero a munthu wosauka amaonekeratu iye akadali pa ulendo. Phunziro limeneli ndilo maziko a buku lake lalifupi la Of Mice and Men, limene linasindikizidwa mu 1937, ngakhale kuti galu wake anali atatafuna gawo lalikulu la zolemba zoyamba mu 1936.

Bukuli limasimba za aganyu awiri: George, wamfupi ndi wochenjera, ndi Lennie, chimphona cha nzeru za mwana. Iwo amalota zogula kamunda kawokawo. Koma mlembi amalosera tsoka kuyambira pachiyambi. Lennie akuoneka ndi mbewa yakufa m'thumba, imene anaipha poisisita. Pambuyo pake akupha kagalu mwa njira yomweyo, ndipo potsiriza akuthyola khosi la mkazi wa Curley, mwana wa mwini famu, atayamba ndi kumusisita tsitsi. Manja ndi omwewo; chimene chikukula ndi cholengedwa chogwidwacho.

Kulosera kwina kuli pa galu wokalamba wa Candy. Carlson akumuwombera kunkhongo, ndipo Candy akudandaula kuti akanamupha yekha m'malo molola mlendo. George anamva dandaulolo. Anthu olusa atayamba kusaka Lennie, George akumupeza pa thengo la m'mbali mwa mtsinje, pomwe anamuuza usiku woyamba kuti adzabisale zinthu zikadzavuta. Akumuwombera kunkhongo ndi mfuti yomwe ija ya Carlson.

Aphunzitsi aonetse ophunzira kuti tsoka lomalizali likugwa Candy atalonjeza madola 350 pa mtengo wa madola 600 wa kamunda kaja, maloto ali pafupi kupherezeka. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Wowerenga amadziwa kumene nkhani ikupita, koma alibe mphamvu zoiimitsa, monganso George alibe. Motero timamva m'mtima mwathu kusowa chochita kwa wantchito wopanda malo.

Steinbeck sanasiye kulemba za amphawi. The Grapes of Wrath ya 1939 inamupatsa mphoto ya Pulitzer mu 1940, koma eni minda ambiri a ku California anadana naye, ndipo m'madera ena bukulo linaletsedwa, ngakhale kutenthedwa kumene. Mu 1947 anatulutsa The Pearl, buku limene ambiri kuno kwathu analiwerenga ku sekondale. Analandira mphoto ya Nobel mu 1962.

Anamwalira ku New York pa 20 December 1968 ali ndi zaka 66. Phulusa la mtembo wake linaikidwa m'manda ku Salinas, pakati pa minda imene inamuphunzitsa kupenya mathero poyang'ana chiyambi.