Barbara McClintock, Mayi Amene Anawerenga Njere za Chimanga

Ife chimanga timachidziwira pa nsima, koma Barbara McClintock anathera moyo wake akuchiyang'ana pa maikulosikopu. Anabadwira ku Hartford, m'dziko la America, mu 1902. Mayi ake sankafuna kuti apite ku koleji poopa kuti sadzakwatiwa, komabe mu 1919 analowa pa Cornell University ndipo anatenga digiri ya PhD mu 1927.

Kuyambira 1941 ankagwira ntchito ku Cold Spring Harbor, komwe ankalima chimanga chake choyesera. Chimene chinamusowetsa tulo ndi njere imodzi yokhala ndi mawanga. Anapeza kuti tizidutswa tina ta majini timachoka pamalo pake n'kukakhala pena. Kachidutswa kakalowa m'jini yopatsa njere mtundu, njereyo imayera. Kakachokamo njere ikukula, mtundu umabwerera mwa timadontho. Tiwiri anatitcha Ac ndi Ds, ndipo anaona kuti Ds sisuntha popanda Ac.

Atafotokoza izi mu 1951, anzake ambiri sanamumvetse. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi sitingawaseke, poti nkhaniyi inali yovutadi. Mu 1953 analeka kusindikiza za ntchitoyi. Mphoto ya Nobel anailandira yekha mu 1983, ali ndi zaka 81, ndipo anamwalira mu 1992.

Pambuyo pake zinadziwika kuti Ac imapanga enzyme yotchedwa transposase, imene imadula DNA n'kuimata pena. Mu 1997 akatswiri anadzutsa transposase ya nsomba imene inaleka kugwira ntchito kalekale, n'kuitcha Sleeping Beauty. Pofika 2009 anali ataikonzanso kukhala SB100X, yamphamvu pafupifupi ka 100 kuposa yoyamba, ndipo amaigwiritsa ntchito polowetsa majini m'maselo a munthu pofufuza chithandizo cha khansa.