Dotolo Alois Alzheimer ndi Nthenda ya Kuiwala

M'magazini a chaka chino ndasankha kulemba mbiri ya munthu wa dzina lovuta kutchula, koma amene ntchito yake ikhudza agogo athu kuno kunyanja. Munthuyo ndiye Dotolo Alois Alzheimer.

Iye anabadwa pa 14 June 1864 m'tauni yaing'ono ya Marktbreit ku Germany. Ataphunzira zaudotolo ku Berlin, Tübingen ndi Würzburg, analowa ntchito m'chaka cha 1888 pa chipatala cha odwala misala ku Frankfurt. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi Franz Nissl, katswiri wopaka utoto tizidutswa ta ubongo kuti tizioneka bwino pa maikulosikopu.

Mu November 1901 kunabwera mayi wa zaka 51 dzina lake Auguste Deter. Mayiyu ankasochera m'nyumba yake yomwe, ankabisa katundu, ankakayikira anthu, ndipo pomuuza kuti alembe dzina lake ankalekera panjira. Alzheimer sanamuseke kapena kumuopa, koma anakhala naye pansi namlemba zonse mosamala.

M'chaka cha 1903 iye anasamukira ku Munich kukagwira ntchito ndi Emil Kraepelin. Mmodzi wa ophunzira ake kumeneko anali Solomon Carter Fuller, dotolo wobadwira ku Liberia. Mayi Deter atamwalira mu April 1906, ubongo wawo unatumizidwa kwa Alzheimer. Poupima anapeza kuti unali utanyala, ndiponso anaona zinthu ziwiri: timibulu tolimba pakati pa maselo, ndi timaulusi topotana mkati mwa maselowo monga ukonde wopiringizika.

Mu November 1906 anafotokoza zimenezi pa msonkhano wa madotolo ku Tübingen, koma panalibe anafunsako funso. Komabe m'chaka cha 1910 Kraepelin anatcha nthendayi dzina la Alzheimer m'buku lake. Alzheimer anapita ku Breslau mu 1912 kukakhala mphunzitsi wamkulu, nadwala matenda a mtima, namwalira pa 19 December 1915 ali ndi zaka 51.

Iye anaona chimene chimaononga ubongo, koma gwero lake anasiyira ena. Akatswiri anafufuza m'tizidutswa ta DNA timene mwana amatengera kwa makolo. Tizidutswati ena amatitcha majini, koma musasokoneze ndi majini a mizimu amene timamva kuno kwathu. Mu 1991 anapeza cholakwika m'kachidutswa kotchedwa APP, ndipo mu 1995 m'kena kotchedwa presenilin. Zolakwikazi zimayenda m'mabanja owerengeka ndipo zimagwira munthu asanakalambe. Mu 1993 anapezanso kuti APOE4 imawonjezera mpata wodwala, ngakhale kuti si onse oitengera amene amadwala. Kwa anthu ambiri chachikulu chimene chimabweretsa nthendayi ndicho ukalamba.

Tsono anzanga ndi aphunzitsi anga, chifukwa chimene ndalembera mbiriyi nachi. M'midzi yathu, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi mpaka ku Monkey Bay, muli nkhalamba zimene zinapha chambo moyo wawo wonse, koma lero zaiwala kusoka khoka. Ina imadzuka usiku nkukapezeka kuseri kwa nyumba ya eni, osadziwa njira yobwerera. Kukacha anthu amati agwira mfiti, ndipo m'dziko muno ena amenyedwa mpaka kuphedwa chifukwa cha zimenezi. Chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Mankhwala ochiziratu nthendayi sanapezeke, koma gogo wotere afunika kupita naye kuchipatala, kumudyetsa, ndi kumuyang'anira kuti asatsikire yekha kunyanja. Ife amene tili pasukulu tadziwa kuti vuto lili mu ubongo, choncho ndi udindo wathu kukafotokoza kumudzi pa tchuthi. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tisalole kuti moto uwapsereze iwo omwe.